Kuchokera ku Kadango Kukafika ku Chirunga: Gombe la Mangochi m'Mbiri ya Maphunziro a Ndakatulo

Maphunziro a ndakatulo pa sukulu ya ukachenjede, kutanthauza kuwerenga ndi kusanthula ndakatulo mwaukatswiri pamodzi ndi kuphunzira kupeka zatsopano, anayamba m'Malawi pamene Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, m'chaka cha 1965, ndipo anadzakhwima koleji ya Chancellor itasamukira ku Chirunga, ku Zomba, mu 1973. Ku Mangochi sikunakhaleko nthambi ya yunivesiteyo yophunzitsa zolembalemba, komabe mbiri ya maphunzirowa singalongosoleke mokwanira popanda kutchula gombe la kumwera kwa nyanja ya Malawi, chifukwa kumeneko n'kumene kunachokera Jack Mapanje, mlakatuli amene dzina lake linamveka kutali kuposa anzake onse a m'badwo umenewo, ndiponso chifukwa nthano, nyimbo ndi zilapi za Ayao ndi Anyanja zinali gawo la chuma chimene ophunzira ndi aphunzitsi awo anatapamo pofuna kupeza kalembedwe kawokawo. Munthu akaisanthula mbiri imeneyi amaona kuti zinthu zinkayenda kulowera mbali imodzi: nyanja inkapereka anthu, nkhani ndi luso la kayankhulidwe, yunivesite n'kuzisandutsa ndakatulo ndi mabuku a Chingerezi, koma n'zochepa kwambiri zimene zinabwereranso kugombe m'chiyankhulo choti eni ake n'kumva.

Sukulu ya mishoni isanafike, derali linali kale ndi njira zake zophunzitsira luso la mawu, ndipo njirazo zinali ndi aphunzitsi, malamulo ndi nyengo zake. Ku ndagala, umene ndi msasa wa kutchire kumene anyamata a Chiyao amagonera pa nthawi ya jando, malangizo ambiri ankaperekedwa kudzera m'nyimbo zophiphiritsa zimene mnyamata ankayenera kuloweza ndi kuphunzira kumasulira, ndipo atsikana ankakumana ndi zofananazo ku nsondo, kenaka ku litiwo, mwambo wolangiza mayi amene ali ndi pathupi poyamba. Asodzi anali ndi nyimbo zawo zopalasira bwato ndi zokokera khoka, zimene kugunda kwake kunkagwirizanitsa manja a anthu ambiri kuti akoke nthawi imodzi. Amayi ankaimba pamtondo, n'kumadandaula za mwamuna woyendayenda kapena apongozi ovuta mosatchula dzina la munthu. Ndipo pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse gule wa beni, amene amatsanzira perete wa asilikali, anafalikira ndi nyimbo zake zonyodola ndi zothirira ndemanga pa zochitika. Zonsezi zinkadalira chining'a, kumene ndi kunena chinthu potchula china, kotero kuti womvera ndiye amatsiriza tanthauzo m'mutu mwake. Mwana wokulira kugombe ankazindikira msanga kuti mawu oimbidwa ali ndi za pamwamba ndi za pansi, ndipo kuti wanzeru ndi amene amamva za pansizo, lomwe ndi luso lomwelo limene mphunzitsi wa ndakatulo pa yunivesite amavutikira kulidzutsa mwa ophunzira ake.

Kulemba kunafika m'derali kudzera njira ziwiri. Yoyamba inali ya Chisilamu: mfumu Makanjira inalowa chipembedzochi cha m'ma 1870, mafumu ena monga Mponda n'kudzatsatira, ndipo mashehe ndi aphunzitsi a madrasa, amene maphunziro awo ankachokera kugombe la Kilwa ndi Zanzibar, ankaphunzitsa zilembo za Chiarabu, kuloweza Qur'an ndi kutchula mawu ake mwa kayendedwe koyenera. Yachiwiri inali ya amishoni: a Livingstonia anamanga ku Cape Maclear mu 1875 asanasamukire ku Bandawe mu 1881, pamene a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika kwa Mponda ndi ku Malindi, n'kumayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901 ndipo inkagwiranso ntchito ngati sukulu ya aphunzitsi. Njira ziwirizi sizinkafikitsa munthu kumalo amodzi. Atsamunda, amene anamanga Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi, mu 1891 pofuna kuthetsa malonda a akapolo ndi kugonjetsa mafumu a Chiyao, anasiya maphunziro m'manja mwa amishoni kwa zaka zambiri, ndipo makolo ochuluka a Chisilamu, poopa kuti ana awo akatembenuzidwa, sanawalole kupita ku sukulu zimenezo. N'chifukwa chake pamene yunivesite inkayamba, ana a ku Mangochi oyenerera kulowako anali ochepa, ndipo mwa ochepawo ambiri anali odzera m'sukulu za mpingo, pamene luso la madrasa la kuloweza ndi kulakatula silinkawerengedwa n'komwe ngati maphunziro oti n'kufikitsa munthu ku Chichiri.

Mapanje anali mmodzi mwa ochepawo. Iye anabadwa mu 1944 m'mudzi wa Kadango, kugombe la kum'mawa kwa nyanja, kwa makolo a Chiyao ndi Chinyanja, ndipo anayamba sukulu pa mishoni ya Anglican ya komweko asanapite ku Chikwawa, kenaka ku Zomba Catholic Secondary School ndi ku Soche Hill College, koleji ya aphunzitsi imene inadzakhala gawo la yunivesite. Zaka zimene iye ankakwera m'maphunziro n'zimenenso kwawo kunkayaka moto wa ndale. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu Banda mu Sepitembala 1964, Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican wa ku Malindi amenenso anali nduna ya maphunziro, anabwerera ku Fort Johnston, ndipo mu Febuluwale 1965 anatsogolera gulu la anthu amene analanda boma la kumeneko n'kuyamba ulendo wa ku Zomba, ulendo umene unathera pa doko la Liwonde chifukwa pantoni yowolokera Shire inali tsidya lina. Chilango chinagwera dera lonse: midzi inatenthedwa, Medson Silombela ananyongedwa ku ndende ya Zomba mu 1966, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa onse kukatsekeredwa. Yunivesite inatsegulidwa miyezi yowerengeka chabe chichitikireni za ku Liwonde, kotero kuti wophunzira wochokera kugombeli ankalowa m'kalasi akudziwa kuti dzina la kwawo lokhalo linali lokwanira kumuika m'maso mwa apolisi ofufuza za ndale ndi a Payoniya.

Chaka cha 1968 chinabweretsa zinthu ziwiri zimene zinaumba ndakatulo za ku yunivesite kwa zaka makumi awiri ndi mphambu. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko, Chingerezi chikhale cha ntchito za boma, zomwe zinatanthauza kuti Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena ndi zina zinalibe malo m'kalasi, pa wailesi kapena m'nyuzipepala. Ngakhale Chinyanja cha m'mbali mwa nyanja, chimene a Anglican anali atasindikizamo mabuku a mapemphero ndi nyimbo, chinayamba kuonedwa ngati chopotoka poyerekeza ndi Chichewa cha chigawo cha pakati chimene bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, linkateteza. M'chaka chomwecho cha 1968 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lopereka mphamvu ku Censorship Board, bungwe loyang'anira ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi zisudzo. Popeza Kamuzu Banda ndiye anali mkulu wa yunivesite, ndipo John Tembo anakhala wapampando wa khonsolo yake kwa zaka zambiri, boma linali m'kati mwenimweni mwa sukuluyo.

Zimene zinkaphunzitsidwa mu dipatimenti ya Chingerezi pachiyambi zinkatsatira mwambo wa mayunivesite a ku Britain, kumene aphunzitsi ambiri anachokera. Njira yofala pa nthawiyo inali imene I. A. Richards anaitchukitsa ku Cambridge cha m'ma 1920, yoti wophunzira apatsidwe ndakatulo payokha, aiwerenge mwachifatse mzere ndi mzere, n'kufotokoza mmene mafanizo, kamvekedwe ka mawu ndi kayalidwe ka ndime zikugwirira ntchito, popanda kutsamira pa mbiri ya wolemba. Njirayi inkanola maso, koma ndakatulo zimene inkanolera masowo zinali za nyengo ndi mitengo imene wophunzira wa ku Lungwena kapena ku Nankumba anali asanaionepo. M'maiko ena a mu Africa funso limeneli linali litadzuka kale: ophunzira a ku Ibadan ndi ku Makerere ankasindikiza ndakatulo zawo m'magazini a pasukulu, buku la Okot p'Bitek la Song of Lawino la mu 1966 linasonyeza kuti nyimbo ya kumudzi ingathe kukhala msana wa ndakatulo yolembedwa, ndipo ku Nairobi mu 1968 Ngugi wa Thiong'o ndi anzake anapempha kuti dipatimenti ya Chingerezi ithetsedwe, m'malo mwake mukhale ya zolembedwa za mu Africa. Mmalawi amene akanatsogolera zokambirana zotere, David Rubadiri, anali atatula pansi udindo wa ukazembe mu 1965 ndipo ankaphunzitsa ku Makerere, kumene anakhala ngati wothawa kwawo.

Kusintha kunayambira kunja kwa kalasi. Mu 1970 ophunzira angapo, mwa iwo Mapanje ndi Lupenga Mphande, pamodzi ndi aphunzitsi achinyamata monga David Kerr ndi Landeg White, anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers' Group, limene linkakumana Lachinayi lililonse madzulo. Kachitidwe kake kanali kosavuta: wolemba ankapereka ndakatulo kapena nkhani yake kuti itayipidwe ndi kuchulukitsidwa pa makina a sitensulo, pamsonkhano n'kuiwerenga mokweza, kenaka aliyense, kaya wophunzira wa chaka choyamba kaya mphunzitsi wa madigiri angapo, anali ndi ufulu woizukuta. Umu ndi mmenenso maphunziro a kupeka amayendera ku mayunivesite a ku America chiyambire 1936, pamene Yunivesite ya Iowa inakhazikitsa msonkhano wake wa alembi, kungoti kumeneko wophunzira amalandira digiri pamapeto pake, pamene ku Chichiri ndi ku Chirunga kunalibe mayeso, malikisi kapena satifiketi. Kusowa kwa zimenezi n'kumene kunapatsa gululi mphamvu, chifukwa zokambidwa kumeneko sizinkalowa m'ndondomeko ya maphunziro imene akuluakulu akanaisanthula. Mwa amene anadutsamo m'zaka zotsatira muli Frank Chipasula, Steve Chimombo, Felix Mnthali, Anthony Nazombe ndi Ken Lipenga. Gululi linatulutsa kabuku ka Mau mu 1971, momwe munali ndakatulo 39, linkafalitsa kapepala kotchedwa The Muse, ndipo zolemba za mamembala ake zinkatulukanso m'magazini ya Odi, imene inkalandira Chichewa ndi Chingerezi chomwe. Panali zifukwa zooneka zimene ndakatulo zinachulukira kuposa nkhani zazitali: ndakatulo imakwana pa tsamba limodzi, imatha kukambidwa yonse usiku umodzi, ndipo imalola wolemba kubisa tanthauzo, n'kudzakana ngati wina atamufunsa. Ngozi inalipo ndithu, poti White anathamangitsidwa m'dziko mu 1972, Chipasula anathawira ku Zambia, ndipo Mnthali anatsekeredwa mu 1976.

Pofuna chiyankhulo chobisiramo, alembiwa anatembenukira ku zimene anazisiya kumudzi, ndipo pamenepa maphunziro a m'kalasi ndi kupeka kwa Lachinayi zinakumana. Buku la Ruth Finnegan la Oral Literature in Africa, limene linatuluka mu 1970, linathandiza kuti ntchito za pakamwa, ndiko kuti nthano, nyimbo, miyambi ndi zilapi zosungidwa m'mutu n'kumaperekedwa ndi mawu, zilandiridwe ngati phunziro loyenera yunivesite. Wansembe ndi katswiri wa chikhalidwe Matthew Schoffeleers, amene ankaphunzitsa pa Chancellor m'zaka za m'ma 1970, anatsegulira ophunzira nkhani za Mbona ndi za Kaphirintiwa, ndipo pambuyo pake iye ndi Adrian Roscoe anasonkhanitsa nthano zambiri m'buku la Land of Fire la mu 1985. Mapanje mwini, atapita ku Yunivesite ya London, analemba kafukufuku wa digiri yake yachiwiri pa mutu wa mmene alembi a Chimalawi olemba m'Chingerezi amagwiritsira ntchito maluso a makolo, ndipo atabwerako mu 1975 anayamba kuphunzitsa ku Chirunga. Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu a ku Zomba amati chimagumula nthaka ndi kubweretsa madzi osefukira, n'kuchisandutsa chithunzi cha mphamvu yowononga mosasankha. Mapanje anatenga bilimankhwe, nyama imene Achewa amaidziwa ngati mthenga wa moyo amene anachedwa panjira mpaka buluzi wonyamula uthenga wa imfa anamupitirira, pamene nthano ya Chiyao imati bilimankhwe ndiye anatchera mono m'madzi n'kupezamo mwamuna ndi mkazi oyamba, ndipo anthuwo atapeka moto n'kutentha tchire, Mulungu anawathawa pokwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Nyama yosintha maonekedwe, yoyenda mosamala ndi yoyang'ana mbali ziwiri nthawi imodzi inkakwanira bwino kuimira mlakatuli wokhala pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi.

Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la Power and the Praise Poem la mu 1991, anafotokoza kuti m'madera ambiri a kumwera kwa Africa woimba ndi wolakatula anali ndi chilolezo cha mwambo, kutanthauza kuti zimene munthu sakanazinena pamaso pa mfumu m'mawu wamba ankatha kuzinena m'nyimbo osalangidwa, ndipo iwo anaika Mapanje mu mzere wa alakatuli oterowo. Maganizowa ndi omveka, koma sayenera kuphimba kusiyana kumene kunalipo. Mayi woimba pamtondo ankatetezedwa ndi mgwirizano wa mudzi wonse woti nyimbo siimbidwa mlandu, ndipo womunenayo ankamva chining'acho, n'kuchita manyazi kapena kusintha. Mlakatuli wa ku Chirunga anatengera luso la chining'a popanda mgwirizano umene unkaliteteza, chifukwa boma la nthawiyo linkalola nyimbo zotamanda zokha, zonga zimene mbumba inkaimba pa misonkhano, ndipo linalibe mwambo womvera chidzudzulo. Chinanso n'chakuti chining'a cha kumudzi chinkamveka kwa onse okhala pabwalo, pamene cha ku yunivesite, pokhala m'Chingerezi chovuta, chinkamveka kwa anthu owerengeka amene anadutsa m'makalasi omwewo.

Ndakatulo za Mapanje za m'zaka khumi zoyambazo zinatuluka ku London mu 1981 m'buku la Of Chameleons and Gods, limene kampani ya Heinemann inasindikiza mu mndandanda wake wa alembi a mu Africa. Bukulo silinaletsedwe poyera mwa lamulo, koma mu 1985 linachotsedwa m'sukulu, m'malaibulale ndi m'masitolo a mabuku. Pa nthawiyo n'kuti mwini wake atalandira digiri ya udokotala ku University College London mu 1983, ndipo kafukufuku wake anali wa sayansi ya chiyankhulo: anayerekeza mmene Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi zimasonyezera nthawi ya mneni ndi kachitikidwe ka ntchito, ndiko kuti ngati ntchitoyo yatha, ikupitirira kapena imachitika kawirikawiri. M'chaka chomwecho cha 1983 iye ndi White anatulutsa Oral Poetry from Africa, buku la ndakatulo za pakamwa zochokera m'maiko ambiri, zonse zomasuliridwa m'Chingerezi. Kafukufukuyu ndi bukuli zikusonyeza malo amene Chiyao chinapatsidwa m'maphunziro a ukachenjede: chinkaloledwa kukhala chitsanzo chofufuzidwa ndi akatswiri a galamala, kapena gwero la nyimbo zoti zimasuliridwe, koma sichinkaloledwa kukhala chiyankhulo chopekeramo ndi kusindikiziramo. Mawu a kugombe ankayenda ngati usipa wouma, umene umakwera malole kupita ku misika ya m'tauni, phindu lalikulu n'kutsalira komweko. Sikuti alembiwo anachita kufuna kuti zikhale choncho, poti kunalibe wosindikiza, sukulu kapena wailesi imene ikanalandira ndakatulo ya Chiyao, ndipo munthu wa ku Mangochi wolimbikira chiyankhulo cha kwawo m'zaka zimenezo akanaganiziridwa kuti akudzutsa za Chipembere.

Ndakatulo za Chichewa zinali ndi mwayi woposerapo, ngakhale kuti mwayiwo unali ndi malire ake. Mabuku a E. J. Chadza ndi J. W. Gwengwe a m'zaka za m'ma 1960 anali atayala kale maziko m'sukulu, ndipo pa Chancellor panakhazikitsidwa dipatimenti ya Chichewa ndi sayansi ya ziyankhulo, imene inadzakhala ndi akatswiri monga Sam Mchombo, Enoch Timpunza Mvula, Francis Moto ndi Pascal Kishindo. Mvula anasonkhanitsa ndakatulo m'buku la Akoma Akagonera, ndipo Benedicto Wokomaatani Malunga, amene anaphunzira pa Chancellor n'kudzagwira ntchito ya ulembi wamkulu wa yunivesite, anatchuka ndi kalakatulidwe kake pa wailesi ndi pa misonkhano. Koma popeza Kamuzu Banda ankadziona ngati mwini Chichewa, iye amene ali wophunzira ku Chicago anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya chiyankhulochi ya mu 1937, wolemba m'Chichewa ankayang'aniridwa pawiri, pa zimene wanena ndiponso pa mmene wazinenera, ndipo ndakatulo zambiri zosindikizidwa zinkakhala za malangizo, za chilengedwe ndi za chikondi. Nyanja imapezekamo, monga mmene mutu wa buku lina la Malunga, Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti, ukusonyezera, koma kawirikawiri imakhala nyanja ya mlendo wodzapuma, yosiyana ndi ya msodzi amene amadziwa mwera, mpoto ndi mtengo wa chilimira.

Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi anagwira Mapanje ku Gymkhana Club ku Zomba, iye ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, ndipo anamutsekera ku ndende ya Mikuyu, mtunda waufupi kuchokera ku Chirunga, kwa zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16 popanda kumuuza mlandu kapena kumutengera ku khoti. Anzake a pa koleji, makamaka wansembe wa ku Ireland Patrick O'Malley ndi David Kerr, anafalitsa nkhaniyo kunja, mabungwe a Amnesty International ndi PEN anaitenga, ndipo mu 1988 Wole Soyinka anakamulandirira mphoto ya ndakatulo ku Rotterdam. Chofunika pa mbiri ya maphunziro a kupeka n'chakuti ku Mikuyu akaidi sankaloledwa kukhala ndi cholembera kapena pepala, kotero kuti mlakatuli wophunzira ku London anakakamizika kubwerera ku njira ya ku ndagala ndi ya pamtondo: ankapeka m'mutu, n'kumabwereza mpaka mawu atakhazikika, n'kusunga mitu ya ndakatulozo ngati zogwirira kuti adzazikumbukire. Luso limene ankalifufuza ngati phunziro linasanduka chida chogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Anamasulidwa pa 10 Meyi 1991, ndipo posakhalitsa anasamukira ku York, ku England, pamodzi ndi banja lake.

M'buku lake lachiwiri, The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison la mu 1993, gombe la kwawo likuoneka poyera kuposa kale, ndipo mayina a malo akutchulidwa mosabisa: muli ndakatulo ya mudzi wa Kadango ndi thamanda la Milimbo litauma, muli ina ya kuthyola malambe ku Monkey Bay imene mutu wake umanyodola mawu oti chitukuko. Chining'a chinachepa chifukwa chosowa wochibisira, ndipo owerenga ena amaona kuti ndakatulo za pambuyo pa ndende zinataya kulimba kumene mantha ankazipatsa, ngakhale zinapeza ufulu wotchula anthu ndi zochitika. Mabuku ena anatsatira, mwa iwo Skipping Without Ropes mu 1998, Beasts of Nalunga mu 2007 ndi mbiri ya kundende ya And Crocodiles Are Hungry at Night mu 2011. Ku England Mapanje anaphunzitsa pa mayunivesite a Leeds, Newcastle ndi York St John, ndipo gawo la ntchito yake linali kuphunzitsa luso la kupeka ngati phunziro la digiri, chinthu chimene gulu la Lachinayi linkachita popanda malipiro. Ntchito ya gululo nayo inali itasanduka kale mutu wa kafukufuku: Nazombe analemba za udokotala wake ku Sheffield mu 1983 pa ndakatulo za Chimombo, Mapanje, Chipasula ndi Mnthali, asanasonkhanitse buku la The Haunting Wind mu 1990, ndipo Roscoe ndi Mpalive-Hangson Msiska anatulutsa The Quiet Chameleon mu 1992.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, Chiyao chinayamba kumveka pa wailesi ya MBC, Chichewa Board inalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies mu 1996, ndipo likulu limeneli linakonza malamulo a kalembedwe ka Chiyao pamodzi ndi mtanthauziramawu wake. Dipatimenti ya Chichewa inasintha dzina kuti ikhale ya ziyankhulo za mu Africa, Rubadiri anabwerera kudzatsogolera yunivesite mu 2000, ndipo unduna wa maphunziro unalamula mu 1996 kuti ana a m'makalasi anayi oyamba aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, lamulo limene silinayende kwenikweni chifukwa chosowa mabuku ndi aphunzitsi, mpaka lamulo la maphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Ku Mangochi lero kuli sukulu za ukachenjede, monga koleji ya za usodzi ya ku Mpwepwe ndi yunivesite ya DMI St John the Baptist, ndipo chikondwerero cha Lake of Stars, chimene chinachitikira ku Nkopola kangapo, chinkapereka mpata kwa alakatuli, ambiri a iwo ochokera ku Blantyre, ku Lilongwe ndi kunja. Wophunzira wa ku Malindi kapena kwa Makanjira amene akufuna kufufuza ndakatulo za pakamwa za kwawo amapeza kuti zambiri zolembedwa zili m'mabuku a Chingerezi a Duff Macdonald, Meredith Sanderson ndi J. Clyde Mitchell, kuti buku lodziwika la mbiri lolembedwa m'Chiyao ndi la wansembe Yohanna Abdallah la mu 1919, ndipo kuti zimene Gerhard Kubik anajambula pa jando la kwa Makanjira mu 1967 zinapita ku Vienna, pamene kafukufuku wa Mapanje pa Chiyao ali m'malaibulale a ku London.